Omanga Zilonda a ku Gatooma ndi Hartley

Cha m'ma 1915 kapena 1916, mnyamata wina wa ku Kasungu adafika wapansi m'tauni ya Hartley ku Southern Rhodesia, napeza ntchito yosesa m'chipatala cha pamenepo. Dzina lake lidali Hastings Kamuzu Banda. Olemba mbiri yake, monga Philip Short m'buku la mu 1974, amati zimene adaona m'chipatalamo, makamaka kasamalidwe ka odwala achikuda, zidakulitsa mwa iye chilakolako chophunzira udokotala. Mu 1917 adapitirira ulendo wa ku South Africa pamodzi ndi malume ake, a Hanock Msokera Phiri, ndipo za moyo wake kuchokera pamenepo zidalembedwa kambirimbiri. M'zipatala ndi m'makomboni a dera lomwelo mudatsala anthu ena, eni dziko ndi alendo omwe, amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku idali kutsuka ndi kumanga zilonda. Ambiri mwa iwo mayina awo sadalowe m'mabuku. Nkhani ino ikulondola ntchito yawo, ndi mmene ulamuliro pa chilonda chosapola udachokera kwa dokotala wa kampani n'kufika m'manja mwa namwino.

Hartley ndiye Chegutu wa lero, ndipo Gatooma, mnzake wa pamtunda wa makilomita oposa 30 kumwera chakumadzulo, ndiye Kadoma. Mayina onsewa adasinthidwa mu 1982. Matauni awiriwa adakulira m'mbali mwa njanji yochokera ku Salisbury kupita ku Bulawayo, imene idamalizidwa mu 1902, ndipo chimene chidawakuza ndi golide. Pafupi ndi Gatooma, ku Eiffel Flats, padali mgodi wa Cam and Motor, umene kwa zaka zambiri udali waukulu koposa pa migodi ya golide m'dzikomo. Padalinso Dalny ku Chakari, Golden Valley, Patchway, ndi timigodi tina tosawerengeka. Pambuyo pake kudadza thonje. Malo ofufuzira za mbewuyi adatsegulidwa ku Gatooma mu 1925, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale a nsalu monga David Whitehead adayamba kulemba anthu zikwizikwi. Rimuka, lokeshoni yakale ya Kadoma, idamangidwira antchito amenewa, ndipo zigawo zake zina, zotchedwa SQ ndi GB, zidali za amuna obwera opanda mabanja.

Ambiri mwa amunawo adali a ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Msonkho wa nyumba ndi thangata zidawatulutsa m'midzi. Ena adalembedwa ndi bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, limene antchito adalitcha chibalo chifukwa cha ukapolo wa mapangano ake. Ena adadziyendera okha, masabata angapo wapansi, kudzera ku Dedza ndi ku Tete, kuwoloka Zambezi, mpaka ku Mtoko. Malole aulere otengera antchito, amene dzina lawo lenilenilo lidangokhala Ulere, adayamba pambuyo pa pangano la maiko atatu la mu 1936, ndipo Mthandizi adadza mu 1946. Amene adayenda zaka zimenezi zisadafike ankafika pamgodi ali owonda, mapazi atang'ambika, miyendo ili ndi mabala a minga ndi ziputu.

Bala lotere pa thupi lokhuta limapola pa sabata imodzi kapena ziwiri. Pa thupi la njala limasanduka chinthu china. Madokotala a nthawiyo ankachitcha tropical ulcer: kabala kakang'ono pamsongolo kapena pakakolo, kolowedwa ndi tizilombo ta m'matope, kamatukusira, kamaphulika, n'kukhala chilonda chozungulira, chonunkha, chodya mnofu mpaka nthawi zina kufika pa fupa. Chakudya cha m'komboni, chimene kwenikweni chidali ufa wa chimanga wosoweka ndiwo zamasamba ndi nyama yokwanira, chinkabweretsa chiseyeye, nthenda ya kusowa kwa vitamini C, yomwe imatupitsa nkhama, kuletsa mabala kupola, ngakhalenso kutsegula zipsera zakale. Katswiri wa mbiri Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la mu 1976, adawerengera kuti pakati pa 1900 ndi 1933 antchito achikuda oposa 30,000 adafera m'migodi ya Southern Rhodesia, ndipo mwa iwo pafupifupi 27,000 adafa ndi matenda, osati ngozi. Chibayo ndicho chidapha ambiri. Chilonda sichinkapha msanga, choncho sichidawerengedwe mofanana, koma chinkalanda munthu mwendo, ntchito, ndi ndalama ya ulendo wobwerera kwawo.

Malipiro a pamgodi ankayendera tikiti. Tsiku logwira ntchito linkadindidwa, ndipo munthu ankalandira akakwanitsa masiku 30 odindidwa. Tsiku logona m'chipatala silinkadindidwa. N'chifukwa chake wantchito ankabisa chilonda, kuchikulunga ndi sanza, n'kumatsikira nacho pansi pa nthaka m'madzi ndi m'fumbi, kufikira tsiku limene mwendo wakana kuponda. Pofika kuchipatala cha komboni, chilonda chinkakhala chitakula kale.

Apa ndi pamene chilonda chosapola chimasiyana ndi matenda ena. Fupa lothyoka dokotala amaliwongola tsiku limodzi. Chilonda chimafuna munthu wochiona lero, mawa ndi mkuja, kwa miyezi, wodziwa kusiyanitsa mnofu wofiira womera kumene ndi mnofu wakufa, wozindikira kuti fungo lasintha kapena kuti m'mphepete mwayamba kufota. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dokotala wa kampani, amene nthawi zambiri ankayendera migodi ingapo, kudekha kotere adalibe nako nthawi. Ntchitoyi idatsalira amuna achikuda otchedwa orderly kapena dresser, ndiye kuti wothandiza m'chipatala ndi womanga zilonda. Ena adaphunzirira pantchito pomwepo, ena adachokera ku sukulu za mishoni. Mishoni za Blantyre ndi Livingstonia zidayamba kale kuphunzitsa othandiza madokotala. Wodziwika kwambiri mwa oyambirira adali John Gray Kufa wa ku Blantyre, amene boma la atsamunda lidamupha mu 1915 pa mlandu wa kuukira kwa John Chilembwe. Ophunzira a mishoni zoterezi, atapita kummwera, ankapeza ntchito za ukalaliki, ukapitawo ndi za m'chipatala, pakuti ankadziwa kulemba, komanso ankamvana chinenero ndi odwala.

Zida zawo zidali zochepa: beseni, thonje, bandeji zochapa n'kubwerezanso, ndi mankhwala otsukira monga Eusol, amene adapangidwa ku yunivesite ya Edinburgh mu 1915, pa nthawi ya nkhondo yoyamba. Womanga zilonda ndiye ankadziwa wodwala aliyense, mudzi wake, ndi tsiku limene chilonda chidayamba. Koma mphamvu yolamula adalibe. Sakadatha kunena kuti uyu apume mwezi wina, kapena kuti aonjezeredwe nyama ndi ndiwo zamasamba. Zimenezo zidali za dokotala ndi bwana wa komboni, amene maso awo adali pa chiwerengero cha anthu otsika mumgodi. Nzeru idali ndi wina, ulamuliro uli ndi wina, ndipo wodwala ndiye ankalipira kusiyanako.

Unamwino wa ukatswiri udalowa m'dzikomo ndi Azungu, nukhala wa Azungu kwa nthawi yaitali. Asisitere a chipani cha Dominican, motsogozedwa ndi Mother Patrick Cosgrave, adafika ku Salisbury mu 1891 natsegula chipatala. M'zipatala za boma za m'matauni monga Gatooma ndi Hartley, mawodi adagawidwa potsata khungu, ndipo udindo wa mkulu wa anamwino udali wa akazi achizungu okha. Kunja kwa chipatala, wodwala ankadalira anzake. M'makomboni mudabadwa mabungwe a maliro ndi othandizana, a anthu a boma limodzi la kwawo, pamodzi ndi magulu a Beni, a Gule Wamkulu, a mipingo ndi a mizikiti. Amenewa ndiwo ankazonda odwala, kuwapatsa chakudya, ndi kuika m'manda omwe adalibe mbale. Munthu wotulutsidwa m'chipatala chilonda chisadapole ankasamalidwa ndi anthu otere.

Zinthu ziwiri zidasintha mbiriyi nkhondo yachiwiri itatha. Choyamba ndi penisilini, amene adayamba kupezeka m'zipatala za mu Africa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, nagonjetsa tizilombo ta chilonda cha pamsongolo chija mwamsanga kuposa mankhwala onse akale. Chachiwiri ndi maphunziro. Kufikira zaka za m'ma 1950, mtsikana wachikuda wa ku Southern Rhodesia wofuna unamwino wa satifiketi yonse ankayenera kupita ku South Africa, ku zipatala monga McCord ku Durban. Mu 1958, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, maphunzirowa adayamba pa chipatala chatsopano cha Harari ku Salisbury, ndipo chipatala cha Mpilo ku Bulawayo chidachita chimodzimodzi. Chaka chomwecho, pa 6 July, wosesa wa ku Hartley uja adatsika ndege ku Chileka ali dokotala wophunzira ku Meharry ndi ku Edinburgh. Zidamutengera zaka zoposa 40 ndi maiko anayi kuti achoke pa tsache kufika pamenepo, ndipo zidatengera dziko limene adasesamo zaka zomwezo kuti lilole mkazi wachikuda kuphunzira unamwino wonse kwawo. Clement Masakure, m'buku lake la mu 2020 lonena za anamwino achikuda a ku Zimbabwe, akusonyeza kuti ngakhale atalandira satifiketi, anamwinowa adapitirira kulimbana ndi tsankho pa malipiro ndi pa kukwezedwa, pamene ntchito yeniyeni ya m'mawodi a anthu akuda idali itatsamira kale pa iwo.

Nthawi yomweyo, kunja kwa Africa, chidziwitso cha zilonda chinkasintha, ndipo anamwino adali patsogolo. Mu 1962 wasayansi wa ku Britain George Winter adasonyeza, poyesa pa nkhumba, kuti bala losungidwa lonyowa pang'ono pansi pa chophimba limapola msanga kuposa loumitsidwa ndi mphepo. Chaka chomwecho namwino Doreen Norton adafalitsa njira yopimira odwala amene ali pa chiopsezo cha zilonda za pogonera, zija zimatuluka m'chiuno ndi m'zidendene munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 1980 kafukufuku adaonetsa kuti Eusol amapha tizilombo pamodzi ndi mnofu watsopano, ndipo anamwino ambiri a ku Britain adayamba kukana kumugwiritsa ntchito ngakhale dokotala atalamula. Kenaka ku London, m'dera la Riverside, namwino Christine Moffatt ndi anzake adakhazikitsa makiliniki a zilonda za m'miyendo oyendetsedwa ndi anamwino. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 1992, zidali zakuti zilonda zobwera chifukwa cha kufooka kwa mitsempha yobweza magazi zinkapola 69 pa 100 zilizonse m'masabata 12, pamene kale m'dera lomwelo zilonda za m'miyendo zopola pa nthawi yomweyo zidali 22 pa 100. Mankhwala odabwitsa padalibe. Padali kupima kayendedwe ka magazi, bandeji yothina mwa muyeso, kulemba, ndi namwino wopatsidwa mphamvu yogamula. Chimene womanga zilonda wa ku Cam and Motor adamanidwa ndicho chidapezeka kuti n'chochiritsa.

Ku Zimbabwe mphamvu imeneyi idafika m'manja mwa anamwino achikuda ndi ufulu wa mu 1980. Azungu ambiri adachoka, maudindo adatseguka, ndipo boma latsopano lidaika mtima pa zipatala zazing'ono za pafupi ndi anthu. Olandira ndalama zosakwana madola 150 pamwezi adayamba kuthandizidwa ulere, ndipo mu 1981 kudayamba ndondomeko ya alangizi a zaumoyo a m'midzi. M'makiliniki a khonsolo m'malokeshoni monga Rimuka, mutu wa ntchito udakhala namwino. Dokotala ankapezeka ku chipatala chachikulu cha Kadoma kapena cha boma la Chegutu, koma woyamba kuona chilonda, ndi wotsiriza kuchiona chitapola, adali sisitala wa pakiliniki.

Utsogoleri wake uli ndi mbali zodziwika. Iye amafufuza chimene chikuletsa chilonda kupola: shuga wokwera, magazi osayenda bwino, njala, kachilombo ka HIV, kapena khansa yobisala. Amayeza kukula kwa chilonda n'kulemba, kuti sabata yamawa pakhale poyerekeza. Amagamula chomangira ndi masiku osinthira. Amagawa ntchito kwa othandiza anamwino ndi kwa alangizi oyenda m'makomo, naphunzitsa mkazi, mwana kapena mdzukulu wa wodwala kuwiritsa madzi, kuthira mchere wa muyeso, ndi kutembenuza wogona maola awiri alionse. Chachikulu koposa, amadziwa tsiku loti chilondachi chapitirira mphamvu za kiliniki, monga phazi la wodwala shuga likayamba kuda, namutumiza kwa dokotala wa opaleshoni mwendo usadatayike. Mutu umodzi susenza denga, koma pa ntchito iyi pamafunika mmodzi wosunga mbiri yonse ya chilonda, ndipo ameneyo ndi namwino.

Mayeso a utsogoleriwu sadachedwe. Cam and Motor udali utatsekedwa kale mu 1968, ndipo udadzatsegulidwanso patapita zaka zoposa 40. Migodi ina ndi mafakitale a nsalu zidafooka pambuyo pa ndondomeko ya zachuma ya ESAP ya mu 1991, imene idalimbitsanso malipiro a m'zipatala. Matchona, amuna aja adabwera ali anyamata n'kukalambira kuchilendo, adatsala opanda ntchito, opanda munda, ena opanda mbale. Pamwamba pa izi padagwa Edzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse m'dzikomo adali ndi HIV, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. M'zaka za pakatipo mawodi adadzaza, odwala adabwezedwa kunyumba, ndipo zilonda za pogonera ndi za khansa ya pakhungu ya Kaposi zidalowa m'zipinda zothinana za m'malokeshoni. Chisamaliro cha kunyumba, chimene bungwe la Island Hospice lidayamba ku Salisbury mu 1979 monga loyamba la mtundu wake mu Africa, chidasanduka njira ya dziko lonse. Ogwira ntchitoyi adali amayi odzipereka a m'mipingo ndi m'magulu, ndipo owaphunzitsa ndi kuwayang'anira adali anamwino. Zidzukulu za a m'mabungwe a maliro aja zidapezeka zikugwira ntchito ya agogo awo, koma tsopano pali wozitsogolera wodziwa.

Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kudathamangitsa antchito ambiri a makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo ena adathawira m'matauni. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya ambiri obadwira m'dzikomo akutchedwa alendo, mpaka malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Mu 2008 ndalama idatha mphamvu, zipatala zazikulu za ku Harare zidatsala pang'ono kutsekeratu, ndipo kolera, amene adapitirira mpaka mu 2009, adagwira anthu oposa 98,000 m'dziko lonse, napha oposa 4,000. Kadoma ndi Chegutu adali pakati pa matauni okanthidwa koopsa. Kumene mipopi yauma ndipo zonyansa zikuyenda m'misewu, wosamala chilonda amasowa chinthu choyamba cha ntchito yake, ndicho madzi oyera.

Umphawi womwewu udatulutsa nzeru ina imene idawoloka nyanja. Moses Murandu, namwino wobadwira kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, adakula akuona bambo ake akuthira shuga pa mabala. Atakhala mphunzitsi wa anamwino pa yunivesite ya Wolverhampton ku Britain, adayesa njirayi mwa sayansi pa odwala a m'zipatala za kumeneko. Shuga wouma amakoka madzi a m'chilonda, ndipo tizilombo tikasowa madzi timalephera kuswana. Mu 2018 adalandira mphoto ya magazini ya Journal of Wound Care chifukwa cha ntchitoyi. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Komabe ntchito yake siikunena kuti aliyense azidzithira shuga kunyumba, pakuti chilonda chiyenera kuyamba chapimidwa ndi wodziwa. Phindu lake lidaoneka chifukwa padali namwino woyeza, wolemba, ndi wobwerera kwa wodwala yemweyo.

Ulendo wa Murandu ukulozanso bala la dziko lake. Mu April 2018 anamwino a boma adanyanyala ntchito chifukwa cha malipiro ndi kusowa kwa zipangizo, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Constantino Chiwenga, adalengeza kuti onse onyanyala, oposa 15,000, achotsedwa, ngakhale kuti pambuyo pake adabwerera pantchito. Pakati pa 2021 ndi 2022 ogwira ntchito zaumoyo oposa 4,000 adasiya ntchito za boma, ambiri kupita ku Britain ndi maiko ena. Mu 2023 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, lidaika Zimbabwe pa mndandanda wa maiko amene akusowa kwambiri antchito a zaumoyo, oti maiko olemera asamakalembeko anthu mwachisawawa. Ochoka msanga nthawi zambiri ndi aja odziwa ntchito, amene akadaphunzitsa achinyamata. Dera limene kale linkalandira manja a alendo tsopano likutumiza manja ake kunja.

Zilonda nazo sizidathe. Golide wa ku Kadoma ndi Chegutu akukumbidwabe, ndipo ambiri omukumba ndi makorokoza, okumba paokha m'maenje akale opanda nsapato zolimba kapena chipatala cha kampani. Dziko lidawakumbukira mu February 2019, pamene madzi adasefukira m'migodi ya ku Battlefields, pafupi ndi Kadoma, n'kupha anthu oposa 20. Ovulala miyendo ndi miyala tsiku ndi tsiku, amene amabisa bala poopa kutaya tsiku la ntchito monga ankachitira a nthawi ya tikiti, salengezedwa pa wailesi. Pambali pawo pali okalamba odwala shuga ndi ofa ziwalo, ena a iwo ana ndi zidzukulu za amene adawoloka Zambezi wapansi.

Zaka zoposa 100 zapita chichokere Kamuzu ku Hartley. Pa nthawi yonseyi mankhwala asintha kangapo, kuchoka pa Eusol kufika pa penisilini ndi zomangira zamakono, koma chofunika pa chilonda chosapola chakhala chimodzimodzi: munthu wochidziwa, wochiona kawirikawiri, ndiponso wololedwa kugamula. Womanga zilonda wa m'komboni adali ndi ziwiri zoyambazo. Namwino wa pambuyo pa 1980 adalandira zonse zitatu. Funso limene Rimuka, Kadoma ndi Chegutu akukumana nalo lero ndi lakuti namwino amene wamanga chilonda Lolemba adzakhala alipobe kudzachimasula mwezi wamawa kapena ayi.